Za Nyumba ya Mulungu ya pa Hora, ndi Chifukwa Chake Anaisiya

Munthu akachoka pa boma la Mzimba nalunjika kumpoto, sayenda nthawi yaitali asanaone phiri la mwala loima palokha pakati pa chigwa. Phirilo ndilo Hora. Ambiri alidziwa chifukwa cha nkhondo imene inamenyedwa pamenepo kale, ndipo ena alidziwa chifukwa cha mwambo wa Umthetho, umene Angoni a kwa M'mbelwa asonkhanira patsinde pake m'mwezi wa Ogasiti. Koma ali owerengeka amene akumbukira kuti pafupi ndi phiri lomwelo panali malo a Misyoni, okhala ndi nyumba ya mapemphero, ndi sukulu, ndi nyumba ya amisyoni. Ndi kuti malowo anakhala zaka 9 zokha, kuyambira 1893 kufikira 1902, ndipo pamenepo amisyoni anasamuka namuka kumwera, kumene titcha Loudon kapena Embangweni lero lino.

Tsono tifunse: nchiyani chichititsa anthu kusiya nyumba imene anasonkhanamo zaka zambiri, naipatula kuti ikhale ya Mulungu? Kodi kuisiya ndiko kulephera? Funso ili si la makolo athu okha iai. Alipo mwa inu amene mupemphera m'nyumba yakale imene midzi yaithawa, ndipo mwatsala owerengeka. Aliponso amene mwakangana miyezi yambiri pa mau akuti nyumba yatsopano imangidwe pati. Mbiri ya Hora ikhoza kutithandiza tonse, tikaimva bwino kuyambira pachiyambi pake.

Dziko lisanakhale ndi sukulu

Angoni anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ali ndi mfumu yao Zwangendaba, nayenda ulendo wautali kufikira dziko la Ufipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika, kumene mfumuyo inamwalira. Itamwalira, pfuko linagawikana, ndipo gawo lalikuru linabwerera kumwera, nilikhala pansi pa mwana wake M'mbelwa m'chigwa cha Kasitu ndi maiko ozungulira. Eni dziko, ndiwo Atumbuka, pamodzi ndi Atonga ndi Ahenga ambiri, anagonjetsedwa nasonkhanitsidwa m'midzi yaikuru ya Angoni, kuti alime ndi kumenya nkhondo m'magulu a ambuye ao.

Koma goli lija linawalemera. Atonga anayamba kuthawa nabwerera kunyanja. Ahenga anapanduka natsata. Ndipo m'chaka cha 1880 Atumbuka a Baza Dokowe anaukira Angoni, ndipo nkhondo itawakulira anakwera phiri la Hora kukabisala m'miyala. Ankhondo a Angoni anazinga phirilo ponseponse, natseka njira ya kumadzi. Ludzu litakula anthu anatsika, ndipo ambiri anaphedwa patsinde pa phiri. Baza mwini anapulumuka nathawira ku Kasungu. Chotero pamene amisyoni anadza kudzamanga pa Hora, panali patapita zaka 13 zokha chichitikire zimenezi. Amasiye a nkhondoyo anali amoyo, ndipo amene anagwira nthungo analinso amoyo. Tisaiwale ichi, pakuti ana amene analowa m'sukulu ya pa Hora anali ana a mbali zonse ziwiri.

Njuyu, kumene nchito inayambira

Hora sanali malo oyamba a Misyoni pakati pa Angoni. Amisyoni a Livingstonia, ochokera ku Scotland, anafika pa nyanja m'chaka cha 1875, nakhala poyamba ku Cape Maclear, ndipo m'chaka cha 1881 anasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Dotolo Robert Laws anazindikira kuti nchito ya kunyanja siidzakhala pamtendere ngati amisyoni sapangana ndi Angoni a kumapiri. Munthu amene anatsegula njira ndiye William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale m'dziko la South Africa, amene anadza ku Misyoni m'chaka cha 1876. Iyeyu analankhula chinenero chofanana ndi Chingoni, nadziwa ulemu woyenera pamaso pa mafumu ndi nduna. Chifukwa chake Angoni anamlandira monga mbale.

M'chaka cha 1882 Koyi anakhala pa Njuyu, pafupi ndi mudzi wa Hoho, moyang'anana ndi mudzi wa M'mbelwa patsidya pa Kasitu. Anamtsata James Sutherland, amene anamwalira m'chaka cha 1885, ndi Dotolo Walter Elmslie, amene anafika chaka chomwecho. Zaka zoyambazo zinali za kudikira, pakuti mafumu analola amisyoni kukhala, koma anakana sukulu, poopa kuti anyamata akaphunzira adzaleka nkhondo. Komabe ana a Kalengo Tembo, amene anali sing'anga wa ula, anali kudza usiku mobisika kudzaphunzira kuwerenga.

Kuchiyambi kwa 1886 mvula inakana, ndipo nsembe za kwa mizimu zitalephera, akuru a dziko anapempha Dotolo Elmslie kuti apemphere kwa Mulungu wake. Anapemphera pamaso pa khamu, ndipo mvula inagwa. Patapita miyezi yowerengeka mafumu anabvomera kuti sukulu zitsegulidwe. Mau a chilolezocho anampeza Koyi ali gone pa mphasa ya imfa, ndipo anamwalira pa 4 Juni 1886, naikidwa pa Njuyu pomwepo. M'chaka cha 1890 Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara anabatizidwa, ndiwo oyamba m'dziko la M'mbelwa. Onani tsono: kuyambira kufika kwa Koyi pa Njuyu kufikira ubatizo woyamba panapita zaka 8.

Masiku a Hora

Chitseko chitatseguka, nchito inafalikira. Malo a Ekwendeni anatsegulidwa m'chaka cha 1889 kwa Inkosi Mtwalo, ndipo m'chaka cha 1893 anatsegula malo a Hora, chifukwa midzi yambiri inali itasunthira kale chakumeneko. Mmisiri Peter McCallum ndi mkazi wake anakhala pamenepo m'zaka zoyamba. Njuyu nayenso anaona chimene Hora anadzaona pambuyo pake: Azungu anachokapo, ndipo nchito ya pamalopo inatsala m'manja mwa Mawelera Tembo, yemwe uja anaphunzira usiku.

M'masiku amenewo dziko linali kusandulika msanga. M'mbelwa woyamba anamwalira m'chaka cha 1891, ndipo panapita zaka zingapo mwana wake Chimtunga asanalowe ufumu. Mliri wa ng'ombe unapululutsa makola, dzombe linadya minda, ndipo magulu a nkhondo analeka pang'onopang'ono kutuluka. Anyamata amene kale akadanyamula chishango anayamba kunyamula sileti, ndipo ena a iwo anasanduka aphunzitsi. Mmodzi wa otere ndiye Daniel Mtusu Nhlane, mwana wa nduna, amene mbiri ya moyo wake inasindikizidwa m'buku m'chaka cha 1925.

Mbusa Donald Fraser anafika m'dziko muno kumapeto kwa 1896, nayamba nchito ku Ekwendeni. Komweko m'chaka cha 1898 anaitana msonkhano waukuru wa masiku angapo, wa maulaliki ndi ubatizo ndi Mgonero, monga anachitira makolo ake m'mapiri a ku Scotland. Ndipo anasonkhana anthu ngati 4,000. Pofika chaka cha 1901 Fraser anali kukhala pa Hora pamodzi ndi mkazi wake, Dotolo Agnes Fraser, amene anali kuchiritsa odwala. Angoni anamutcha Chisekeseke, chifukwa cha nkhope yake ya chimwemwe.

M'masiku omwewo a pa Hora munabadwa chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchikumbukira. Fraser anaona kuti akuru a mpingo, pokhala amuna okhaokha, sanathe kulowa m'nkhani za akazi ndi atsikana, kapena kuwalangiza pa za ukwati ndi za kubala. Chifukwa chake m'chaka cha 1901 anakhazika akazi okhwima m'chikhulupiriro kuti ayang'anire akazi anzao m'midzi, ndipo anawatcha m'Chitumbuka balalakazi. Amisyoni anzake sanafulumire kumtsanza, ndipo panapita zaka zoposa 30 Eklesia wa Livingstonia asanabvomere kuti akazi akhale akuru a mpingo monga amuna. Inu amai amene mukhala m'bwalo la akuru lero, dziwani kuti mbeu ya udindo wanu inafesedwa m'masiku amenewo.

Chotero Hora sanali malo akufa pamene anawasiya. Sukulu zinali kuchuruka, ofuna ubatizo anali ambiri, ndipo mbusa ndi dotolo anali pomwepo. Nanga anachokeranji?

Chifukwa chake anasamuka

Yankho liri m'nthaka. Angoni anali kumanga midzi yaikuru yoyandikana, chifukwa m'masiku a nkhondo kukhala pamodzi ndiko kunali linga lao. Anthu ochuruka chotero anafuna mitengo yambiri ya nyumba ndi ya makola, ndi nkhuni za tsiku ndi tsiku. Kalimidwe kao kanadyanso nkhalango: anali kudula mitengo, naunjika nthambi, nazitentha, nafesa mawere m'phulusa. Munda wotere upatsa bwino chaka choyamba ndi chachiwiri, koma posachedwa usanduka tsala, ndipo mwini wake ayenera kutema mphanje kwina. Ng'ombe nazo zinadya udzu ndi kupondereza nthaka. Mitengo itatha, mvula inakokolola dothi la pamwamba, ndipo timitsinje tinayamba kuphwa m'chilimwe.

Potero mudzi uli wonse unali ndi zaka zake zowerengeka pamalo amodzi. Minda inanka kutali chaka ndi chaka, kufikira akazi anatha theka la tsiku panjira ya kumunda ndi ya kunkhuni. Ndipo pamenepo akuru anali kutuma anthu kukazonda dziko latsopano. Chigwa cha Kasitu chinatha motero, ndipo dziko la pa Hora linatsata. Ndiponso nkhondo zitaleka, panalibe choopsa chakuletsa anthu kubalalika. Midzi inayamba kusamuka umodziumodzi, yambiri kunka kumwera kumene kunali thengo losatemedwa.

Mwa osamukawo munali Inkosi Mzukuzuku ndi anthu ake, amene anapita kukakhala ku mtsinje wa Lwasozi, kumwera kwa kumene kuli boma la Mzimba tsopano. Iwo anafuna kuti Misyoni imuke nao. Apa amisyoni anaima pa mphambano. Akakhala pa Hora, akadasunga nyumba zao ndi nchito yonse ya manja imene anaigwira zaka 9, koma akadalalikira mabwinja. Akatsata anthu, akadataya zomangazo nayambanso kutema mitengo ndi kuumba njerwa. Anasankha kutsata anthu, ndipo m'chaka cha 1902 anasamuka.

Kusamuka komweku kunabalanso chinthu china chachikuru. Angoni pofunafuna minda analowa m'maiko amene Boma la Angerezi linali kulamulira kale, ndipo milandu ya malire inachuruka. Chifukwa cha ichi, pamodzi ndi zifukwa zina, Bwanamkubwa Alfred Sharpe anakomana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni m'mwezi wa Seputembala 1904, ndipo dziko la M'mbelwa linalowa pansi pa Boma popanda nkhondo. Boma la Mzimba linakhazikika pambuyo pa pangano limenelo. Motero njala ya nthaka yomwe inachotsa Misyoni pa Hora inathandizanso kubala mudzi wa Mzimba.

Loudon, mwana wa Hora

Malo atsopano anatchedwa Loudon pokumbukira Dotolo Loudon wa ku Hamilton m'dziko la Scotland, bwenzi la David Livingstone, amene mkazi wake wamasiye anapereka ndalama zothandiza kumanga. Eni dziko atcha malowo Embangweni. Kumeneko anthu anamanga nyumba ya mapemphero yaikuru ndithu, yolowa anthu oposa 2,000, ndipo inatha m'chaka cha 1904. Gawo lalikuru la nchitoyo anthu analigwira mwaufulu, midzi ikusinthana: ena kuponda dothi, ena kuumba njerwa, ena kusenza mitengo kuchokera kutali, akazi kutunga madzi. Amene anagwira nchito imeneyi ambiri anali omwe aja anapemphera pa Hora.

Pa Loudon misonkhano yaikuru ya chaka ndi chaka inakula koposa, ndipo Fraser analimbikitsa Akristu kupeka nyimbo zao m'maimbidwe a makolo, a Chingoni ndi a Chitumbuka, m'malo mwa kungotembenuza nyimbo za Azungu. Opeka anali kudza nazo nyimbo zao kumsonkhano, ndipo zokoma zinasankhidwa ndi kuphunzitsidwa kwa onse. Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula ali mwa opeka odziwika a m'dziko la Angoni, ndipo nyimbo zambiri zotere zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu. Kuchokera pa Loudon aphunzitsi ndi alaliki anatsikira ku Marambo, m'chigwa cha Luangwa, kukatsegula sukulu pakati pa Asenga, m'dziko limene tsopano liri Zambia.

Jonathan Chirwa anadzozedwa ubusa m'chaka cha 1914 pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi ndi Hezekiah Tweya, ndiwo abusa oyamba a Livingstonia obadwa m'dziko muno. Ndipo anatumikira pa Loudon zaka zambiri. Fraser anabwerera kwao m'chaka cha 1925, namwalira m'chaka cha 1933. Koma phulusa la thupi lake analitengera ku Loudon naliika komweko, ndipo Chirwa atamwalira anamuika pambali pake. Chipatala cha Embangweni, ndi sukulu zake, ndi sukulu ya ana osamva imene inadza m'zaka za pambuyo, zonsezi zinamera pa chitsa cha kusamuka kwa 1902. Akuru anati, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Amisyoni akadaumirira pa Hora chifukwa cha kukonda makoma, sitidziwa ngati zimenezi zikadaoneka.

Zotere zinachitikanso kwa Angerezi

Wina angayese kuti kusiya nyumba ya Mulungu ndi chinthu cha kuno kokha, kumene makolo anamanga ndi mitengo ndi udzu. Si tero iai. Ku England, dziko la nyumba zamiyala, kuli phiri lotchedwa Old Sarum, pamene panali mudzi wa linga, ndi nyumba ya mapemphero yaikuru ya bishopu. Paphiripo madzi anali osowa, mphepo inali yaukali, ndipo ansembe sanamvane ndi asilikali osunga linga. Chifukwa chake m'chaka cha 1220 Bishopu Richard Poore anayamba kumanga nyumba yatsopano kuchigwa, pafupi ndi mtsinje, ndipo inapatulidwa m'chaka cha 1258. Mudzi wa Salisbury unamera mozungulira nyumba yatsopanoyo, ndipo mudzi wa paphiri unasanduka bwinja. Mitembo ya mabishopu akale anaifukula naitengera kuchigwa, ndi miyala ya nyumba yakale anaigwetsa namangira zina. Wokwera phirilo lero aona mizere yokha ya maziko a nyumba ya mapempheroyo m'kati mwa udzu.

Ndipo m'zaka za posachedwa nyumba zambiri za mapemphero m'midzi ya England zatsekedwa, chifukwa anthu anasamukira kwina kukafuna nchito, kapena analeka kusonkhana. Zina zasanduka nyumba zogonamo, zina mosungira mabuku kapena mochitira misonkhano. M'chaka cha 1969 anakhazikitsa bungwe losunga nyumba zotere zimene ziri ndi mbiri, lotchedwa tsopano Churches Conservation Trust, ndipo lisamala nyumba zoposa 350. Koma pano pali kusiyana kumene tiyenera kukuona. Nyumba itsekedwa pa zifukwa ziwiri: kapena anthu apita kwina ndipo Eklesia awatsata, kapena anthu alipo koma mitima yao yazirala. Old Sarum ndi Hora ndi za mtundu woyamba. Mtundu wachiwiri ndiwo woopsa, ndipo ukhoza kugwera nyumba ya malata atsopano yoima pakati pa mudzi wodzala anthu.

Chimene chinatsala ndi chimene chinasamuka

Tiyeni tsono tiwerenge. Pa Hora panatsala chiyani? Panatsala malo, ndi zomanga zimene sizikadanyamulika, ndi Akristu a m'midzi imene siinasamuke. Pakuti kuchoka kwa amisyoni sikunathetse mapemphero m'dzikomo, koma nchito inatsala ndi aphunzitsi ndi akuru a mpingo, monga kunachitikira pa Njuyu. Nanga chinasamuka nchiyani? Anasamuka anthu odziwa kuwerenga, amene anakatsegula sukulu kumene anafika. Anasamuka balalakazi ndi udindo wao. Zinasamuka nyimbo, pakuti nyimbo ilibe katundu. Unasamukanso mtendere umene unayamba kumera pakati pa Mngoni ndi Mtumbuka, amene atate ao anaphana patsinde pa phiri, koma iwo anakhala pa mphasa imodzi ya sukulu, nadzasenza mtengo umodzi pomanga pa Loudon.

Owerenga Malembo adziwa kuti chinthu ichi si chachilendo. Ana a Israyeli m'chipululu anali ndi chihema chimene anachimasula ndi kuchinyamula pa ulendo uli wonse, ndipo chinali chopatulika pamalo atsopano monga pamalo akale. Pambuyo pake chinakhala ku Silo zaka zambiri, koma Silo anasiyidwa. Ndipo mneneri Yeremiya anakumbutsa anthu a ku Yerusalemu za malo amenewo, powachenjeza kuti asakhulupirire makoma a Kachisi pamene machitidwe ao ali oipa. Nyumba imangidwa chifukwa cha anthu, kuti apeze pobisala mvula ndi dzuwa pakumva Mau. Anthu akachoka, nyumbayo yatha nchito yake, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Koma tisalumphire tsidya lina ndi kunena kuti malo akale alibe kanthu. Madzi saiwala khwawa. Manda a William Koyi ali pa Njuyu kufikira lero, ndipo munthu woima pamenepo aphunzira chimene sangachiphunzire pa Loudon: kuti nchito yaikuruyo inayamba ndi mlendo mmodzi, amene anadikira zaka 4 osaloledwa kutsegula sukulu, namwalira asanaone munthu mmodzi wobatizidwa. Mpingo woiwala bwinja lake uyamba kuyesa kuti unadzibala wokha.

Mau kwa mipingo ndi kwa aphunzitsi

Anthu a dziko la Mzimba sanaleke kusamuka. Makolo anatsata nthaka. Ana ao anatsata nchito ku migodi ya Harare ndi ya Joni. Ndipo lero ambiri atsata mseu ndi msika, namanga pa Jenda ndi pa boma la Mzimba, ndipo anyamata osawerengeka ali ku South Africa. Chifukwa chake mlandu wa Hora udzafika pa mipingo yambiri, ndipo pa ina wafika kale. Tikupemphani kuti musunge zinthu zinai izi.

Choyamba, pamene mukambirana za malo a nyumba yatsopano, musayambe ndi kufunsa kuti anapereka malo akale ndani, kapena agogo a yani anaumba njerwa zake. Yambani ndi kuwerenga anthu. Kodi ambiri akhala kuti tsopano? Nkhalamba ndi amai a makanda ayenda mtunda wotani pa Sabata? Ndi mtsinje uti umene utsekereza ana m'dzinja? Mafunso amenewa ndiwo anafunsa a pa Hora, ndipo yankho lake linawawawa, koma analimvera.

Chachiwiri, osamuka asataye otsala. Pa bwinja liri lonse patsala okalamba amene sangathe kuyambanso, ndi amasiye osafuna kusiya manda a amuna ao. Ngati mpingo usamutsa nyumba yake, upangiretu za iwo: mkuru wa mpingo wowayendera, ndi masiku akuti mbusa adzawapatse Mgonero. Pa Njuyu nchito siinafe chifukwa panatsala munthu wodalirika. Musachoke pamalo musanapeze Mawelera wanu.

Chachitatu, malo akale asungidwe mwaulemu. Manda alambulidwe chaka ndi chaka, malire a malowo adziwike kwa mfumu ya mudzi ndi kwa akuru a mpingo, kuti pasadzauke mlandu m'tsogolo. Ngati njerwa, zitseko kapena belu zikhoza kugwira nchito m'nyumba yatsopano, zitengedwe poyera, mpingo wonse utabvomera, ndipo zilembedwe m'buku. Pakuti katundu wa Eklesia wotengedwa usiku abala udani wa zaka zambiri. Ndipo ngati nyumba yakale ikali yolimba, nkwabwino kuti ana aphunziremo kusiyana ndi kuti mbuzi zigonemo.

Chachinai chiri kwa inu aphunzitsi makamaka. Za Njuyu ndi za Hora tizidziwa chifukwa Elmslie ndi Fraser analemba mabuku, ndipo pambuyo pao Mbusa Yesaya Chibambo analemba mbiri ya Angoni monga anaimva kwa akuru. Koma nyumba zazing'ono za m'midzi, zimene zinamangidwa ndi kusiyidwa m'zaka zonsezi, zambiri sizinalembedwe ndi munthu ali yense. Amene adziwa pamene zinaima ndiwo okalamba a m'mudzi mwanu, ndipo chaka chiri chonse tiika ena a iwo m'manda. Tengani kope ndi cholembera, mukhale nao pansi, muwafunse: nyumba yoyamba inali pati, anaimanga ndani, mphunzitsi woyamba anachokera kuti, anasamuka chaka chiti ndi chifukwa ninji. Lembani maina a akazi omwe, pakuti iwo ndiwo aiwalika msanga. Mukatha, lembani kawiri: kope limodzi likhale ndi mlembi wa mpingo, lina litumizidwe kwa mbusa.

Ndipo tsiku lina m'chilimwe, udzu utapsa, tengani ana a sukulu mupite nao pa bwinjalo. Muwaonetse chulu cha njerwa zakugwa, kapena mtengo umene makolo anakhala pansi pake nyumba isanamangidwe, ndipo muwauze maina a anthu amene anapemphera pamenepo. Inu okhala pafupi ndi Hora, mukapita nao kuphiri, musawauze za nkhondo ya 1880 yokha. Muwauzenso za sukulu ya 1893, ndi za ulendo wa 1902 wonka ku Lwasozi.

Mtendere ukhale ndi inu nonse, a m'nyumba zakale ndi a m'nyumba zatsopano.